Kodi amabera? Zomwe zili kuseri kwa mipikisano ya mafunso ya ndalama zambiri pa kanema

Munthu akangophonya funso la ndalama zambiri pa kanema, m'zipinda za Amalawi kuno ku Joni mlandu wake umazengedwa nthawi yomweyo, otsatsa malonda asanamalize n'komwe zawo. Wina amati ndi dyera, akanangotenga zomwe anapezazo n'kumapita kwawo. Wina amati sukulu inamuperewera, funso limenelo angayankhe ndi mwana wa sitandade 6. Koma mawu omwe amavomerezedwa ndi anthu ambiri ndi oti zonsezi n'zokonzeratu, eni pulogalamu sangalole munthu kutuluka ndi miliyoni, ndiye akaona kuti wayandikira amamusakira funso loti agwe nalo. Mawu amenewa ndawamva ku Mayfair, ku Rosettenville ngakhalenso ku Cosmo City, kwa anthu osadziwana, ndipo onse amawanena ndi mtima wonse.

Ineyo mapulogalamu amenewa ndimawakonda, ndipo sindikulemba kuti wina asiye kuonera. Nkhani yanga ndi yakuti pulogalamu yotere itha kuyenda mwachilungamo kuyambira funso loyamba mpaka lomaliza, koma ndalama zambiri n'kutsalabe kwa eni ake. Safunikira kubera. Malamulo a masewerawo ndi omwe amawagwirira ntchito imeneyo, poyera, tonse tikuona. Ndipo pamene maso athu ali pa munthu wakhala pampando uja, ndalama zomwe zili pangozi kwenikweni ndi za ife oonera.

Poyamba tidziwe kuti mapulogalamu ambiri a mtundu umenewu omwe timaonera pa SABC, e.tv ndi M-Net sanabadwire kuno. Kampani ya kuno imagula chilolezo kwa eni ake akunja, ndipo chilolezocho chimabwera ndi malangizo a chilichonse, kuyambira chiwerengero cha mafunso, kuwala kwa magetsi a mu situdiyo, mpaka nyimbo yomwe imalira munthu akamaganiza. Who Wants to Be a Millionaire? inayamba ku Britain pa ITV mu Seputembala 1998, wofunsa mafunso ali Chris Tarrant. Mu 1999 inafika ku America komanso kuno pa M-Net, wofunsa ali Jeremy Maggs, mphoto yaikulu ili R1 miliyoni. Chaka chomwecho n'chomwe kwathu tinayamba kuona Television Malawi, ndiye ambiri a ife tinakulira pa mafunso a pawailesi ndi a kusukulu, omwe wopambana ankangotengapo ulemu ndi kamphatso kochepa. Mpikisano woti munthu asinthe moyo wake wonse mu ola limodzi tinadzauona bwino titawoloka pa Beitbridge. Pambuyo pake kunabwera Weakest Link pa SABC3 ndi Fiona Coyne, ndipo mu 2023 Deal or No Deal, masewera otsegula mabokosi obisa ndalama, inabwereranso, ulendo uno pa SABC1 ndi Katlego Maboe, mphoto yake yapamwamba ili R250,000.

Tione kamangidwe ka Millionaire ya ku Britain m'zaka zake zoyamba, poti ena ambiri anatengera pamenepo. Mafunso analipo 15, lililonse ndi mayankho anayi oti usankhepo. Ndalama zinkayambira pa mapaundi 100 n'kumakwera, nthawi zambiri kuwirikiza kawiri, mpaka miliyoni. Pa funso lachisanu, la mapaundi 1,000, ndi lachikhumi, la mapaundi 32,000, panali popumira: ukadutsa pamenepo ndalama zimenezo ndi zako ngakhale udzagwe kutsogolo. Thandizo linalipo la mitundu itatu, kuchotseredwa mayankho awiri olakwika, kuimbira foni mnzako, ndi kufunsa anthu okhala mu situdiyo, lililonse kamodzi kokha.

Mafunso oyamba amawaphweketsa dala. Cholinga chawo ndi iwe uli kunyumba, kuti uyankhe mokweza, ukhoze, ndipo usakhudzenso rimoti. Akamakwera amanka navuta, ndipo zimenezi sizobisika, ndiwo malamulo ake. M'mapulogalamu oyendetsedwa bwino mafunso amalembedwa kale, amafufuzidwa, n'kusungidwa m'magulu malinga ndi kuvuta kwake wopikisana asanakhale n'komwe pampando. Funso la nambala 13 limakhala lowawa kwa aliyense amene wafikapo, kaya eni pulogalamu amukonda kaya samukonda.

Masamu ake ndi osavuta koma ndi ankhanza. Tinene kuti munthu ndi wophunzira kwambiri moti pa mafunso 10 aliwonse amakhoza 9. Kuti akhoze 15 motsatizana osaphonya ndi limodzi lomwe, mwayi wake ndi pafupifupi 21 pa 100. Wokhoza 8 pa 10, amene kusukulu tikanamutcha wanzeru, mwayi wake sufika ngakhale 4 pa 100. Ndipo apa tikuwerenga ngati mafunso onse ndi ofanana, pamene omaliza aja ndi oti ngakhale mphunzitsi wa ku yunivesite ya Wits atha kutuluka nawo thukuta. Eni pulogalamu amakhala atawerengera kale zonsezi asanajambule gawo loyamba. Ku Britain panadutsa zaka ziwiri zathunthu wina asanatenge miliyoni, ndipo woyamba anali Judith Keppel mu Novembala 2000.

Chinanso chomwe onena za chinyengo amaiwala n'chakuti eni pulogalamu amafuna kuti wina azipambana mwa apo ndi apo. Aliyense akamangogwa, anthu amatopa n'kusiya kuonera, otsatsa malonda nawo n'kuthawa. John Carpenter atatenga madola miliyoni ku America mu Novembala 1999 dziko lonse linamukamba, makamaka chifukwa pa funso lomaliza anaimbira foni bambo ake kungowauza kuti thandizo sakulifuna, akupambana basi. Pulogalamu ya ku Americayo inali ndi inshuwalansi yolipira mphoto zikuluzikulu, ndipo mu 2000 kampani ya inshuwalansiyo, Goshawk ya ku London, inakasuma kukhothi ponena kuti mafunso anali ophweka kwambiri moti ndalama zinkatuluka mopyola muyeso. Eni kanema sanali kudandaula, anthu oonera anali atachuluka.

Wapambali pa bawo

Madzulo ena ndinaonera limodzi ndi anzanga m'kachipinda kena ku Mayfair, kuseri kwa shopu, komwe amagona anyamata osoka zovala. Kanema anali pamwamba pa firiji, nsima ikuthakathidwa pa kasitovu ka magetsi, ndipo tinalipo asanu kuphatikizapo mayi wina wogwira ntchito ya m'nyumba ku Northcliff amene anabwera kudzatenga diresi lake. Mnyamata wa pa kanemayo anali atapeza kale ndalama zooneka, ndipo zinali kwa iye kuti apitirize kapena asiyire pomwepo.

"Mphwanga, tamuona uyu," anatero wamkulu wa osokawo. "Ndalama zimenezo kwathu ku Mangochi ndi nyumba ya malata, mpanda, ndi boti lomwe. Ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada."

"Ayi achimwene, musiyeni apitirize. Yankho ndi B, nanenso ndikulidziwa. Akasiyira apa ndiye kuti ndi wamantha."

"Nanga inu achemwali mukuti bwanji?"

Mayi aja anati C, wina chapakhomo anakuwa kuti D. Mnyamata wa pa kanema anasankha B, ndipo yankho linali C. Nthawi yomweyo chipinda chonse chinagwirizana kuti funsolo linali lophweka ndipo ife tinalidziwa. Amene anati B uja anafotokoza kuti mumtima ankaganiza C, kungoti pakamwa panafulumira.

Sindikukhulupirira kuti ankanama. Mu 1975 katswiri wa kaganizidwe ka anthu, Baruch Fischhoff, anaonetsa kuti munthu akauzidwa mmene nkhani yathera amayamba kukhulupirira moona mtima kuti zinali zodziwikiratu. Onjezani apo kuti m'chipinda cha anthu asanu, mayankho ali anayi, n'kovuta kuti pasapezeke wokhoza, ndipo kukhoza kwa mmodziyo tonse timakutenga ngati kwathu. Gulu limakhozadi kuposa munthu payekha. Wolemba wina wa ku America, James Surowiecki, anafotokoza mu 2004 kuti pa Millionaire anthu a mu situdiyo akafunsidwa ankalondola pafupifupi 91 pa 100, pamene anzawo oimbiridwa foni ankalondola pafupifupi 65 pa 100. Koma pampando paja pamakhala munthu mmodzi.

Aliyense amene anaimapo pambali pa bawo pansi pa mtengo wa mango amadziwa kuti wapambali amaona njira zonse zodyera, koma akangomupatsa mpando dzanja limayamba kuzengereza. Pa kanema kusiyanaku n'kwakukulu zedi. Magetsi akukuwomba kumaso, anthu akuzungulira ali chete, ukudziwa kuti abale ako, abwana ako ndi omwe unaphunzira nawo adzakuona. Nyimbo imatsika n'kumagunda ngati mtima. Wofunsa uja amakhala chete nthawi yaitali, kenako n'kukufunsanso ngati watsimikizadi, ndipo yankho lomwe unali nalo bwinobwino limayamba kugwedezeka. Ukatsimikiza, iye amati tikambirana tikabwerako kotsatsa malonda. Palibe chimodzi mwa izi chomwe chimangochitika chokha.

Tsono za dyera ndi mantha. Munthu amene wafika pa mapaundi 500,000 n'kuona funso lomaliza, akakhoza amawonjezera 500,000, akaphonya amagwera pa 32,000, kutanthauza kuti wataya 468,000. Pa pepala, ngati chikhulupiriro chake pa yankholo chapyola theka, ayenera kuyankha. Koma theka loyamba la miliyoni limalipira ngongole, limamanga nyumba, limaphunzitsa ana, pamene theka lachiwiri limangowonjezera pa zomwe zilipo kale. Ife amene timatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi tiyenera kumvetsa zimenezi kuposa wina aliyense, poti tikudziwa kuti R500 ya chimanga cha amayi silingana ndi R500 ya nsapato zachiwiri. Amene wanyamuka ndi zomwe wapeza, ine sindingamutchule wamantha.

Wopitirira uja nayenso tisafulumire kumuweruza. Daniel Kahneman ndi Amos Tversky anafotokoza mu 1979 kuti kutaya chinthu kumapweteka kuposa mmene kupeza chofanana nacho kumakondweretsera, ndipo pambuyo pake anayerekeza kuti ululuwo ndi wowirikiza pafupifupi kawiri. Mu 2008 akatswiri anayi a zachuma, mmodzi mwa iwo Richard Thaler, anasanthula zisankho za opikisana pa Deal or No Deal ku Netherlands, ku Germany ndi ku America. Anapeza kuti munthu amene wangotaya kumene mabokosi a ndalama zambiri, m'malo mosamala amakana zomwe akupatsidwa n'kumapitirira, kufuna kubweza zomwe akuona ngati zamupulumuka m'manja. Zambiri zomwe timazitcha dyera zimachokera mu mtima wopwetekedwa.

Wa banki wa pa pulogalamu imeneyo, amene amakulonjeza ndalama kuti usiye masewera, naye sachita zamatsenga. Tiyerekeze kuti patsala mabokosi awiri, lina la R1,000, lina la R250,000. Pakatikati pake ndi R125,500, ndipo kuchokera pa nambala yotere ndi pomwe amawerengera zoti akupatse. Kumayambiriro amapereka zochepa kwambiri poyerekeza ndi pakatikati pa mabokosi otsala, kuti ukane, masewera apitirire, ola lidzaze. Chakumapeto m'pomwe amayandikira.

Pompopompo

Amene anaumvetsa bwino ululu wa kutaya ndi omwe anakonza The Million Pound Drop, yomwe inayamba pa Channel 4 ku Britain mu 2010, woyendetsa ali Davina McCall, ndipo inkaulutsidwa pompopompo. Iwo anatembenuza zonse. Opikisana, kawirikawiri awiriawiri, ankapatsidwiratu mapaundi miliyoni, ndalama zenizeni zomangidwa m'mitolo 40, uliwonse wa 25,000. Mafunso analipo 8. Yankho lililonse linali ndi kachitseko kake pa tebulo, ndipo mkati mwa mphindi imodzi ankayenera kuunjika mitolo yonse pa mayankho omwe akuwakhulupirira, n'kusiya kachitseko kamodzi kopanda kanthu. Tizitseko ta mayankho olakwika tinkatseguka, ndalama n'kugwera pansi iwo akuona, pomwe mphindi yapitayo anali atazinyamula m'manja. Pa funso lomaliza mayankho ankakhala awiri okha, choncho zonse zotsala zinkayenera kupita pa limodzi.

Woonera kunyumba amafulumira kunena kuti nzeru ndi kugawa. Koma ukagawa pakati, mitolo 40 imasanduka 20, kenako 10, kenako 5, ndipo apo wangodutsa mafunso atatu. Ukamaunjika zonse pamodzi nthawi iliyonse, ngakhale utakhala wokhoza 8 pa 10, mwayi wofika kumapeto ndi pafupifupi 17 pa 100. Njira zonse ziwiri zimabwezera ndalama zambiri kwa eni pulogalamu, popanda wina kubera.

Anthu ambiri amakhulupirira pulogalamu ya pompopompo kuposa yojambulidwa kale, ati poti palibe mpata wodula kapena kukonza. Zoona zake n'zakuti mipikisano yambiri ya mafunso imajambulidwa kale, magawo angapo tsiku limodzi, wofunsa mafunso n'kumangosintha jekete. Opikisana amasainira kuti sadzaulula zotsatira mpaka gawo lawo litaonetsedwa, ndipo nthawi zambiri mphoto amalandira pambuyo pake. Ena akangomva zimenezi amati basi, tawagwira. Koma kujambuliratu si kubera, ndipo nthawi zina kumathandiza kugwira wobera. Mu Seputembala 2001 Charles Ingram, msilikali wa udindo wa meja ku Britain, anayankha mafunso onse 15. Ogwira ntchito mu situdiyo anakayikira mmene ankasinthira mayankho, ndipo atamvetseranso zomwe anajambula anapeza kuti munthu wina, Tecwen Whittock, ankatsokomola Ingram akatchula yankho lolondola. Cheke chinaimitsidwa, ndipo mu Epulo 2003 khothi linapeza Ingram, mkazi wake ndi Whittock olakwa, ngakhale iwo akhala akuukana mlanduwo.

Eni pulogalamu nawo amalakwitsa, ndipo apa ndi pomwe phokoso la oonera limagwira ntchito yabwino. Mu Disembala 2010, pa Million Dollar Money Drop ya ku America, opikisana awiri anafunsidwa chomwe chinayamba kugulitsidwa m'masitolo pakati pa kompyuta ya Macintosh, Walkman ya Sony ndi timapepala tomata ta Post-it. Anaika madola 800,000 pa Post-it, ndalamazo n'kugwa. Oonera anafufuza n'kupeza kuti timapepalato tinagulitsidwapo m'mizinda ingapo mu 1977 tili ndi dzina lina, Walkman isanatuluke mu 1979. Eni pulogalamu anavomera ndipo anawaitana awiriwo kuti adzasewerenso. Kukayikira kotere, kobwera ndi chaka ndi umboni, ndi komwe ndimakulemekeza.

Sindikunena kuti okayikira enawo alibe poyambira. Chinyengo chenicheni chinachitikapo. M'zaka za m'ma 1950 ku America, pulogalamu ya Twenty-One pa NBC inkapatsa opikisana ena mayankho, n'kuwaphunzitsa ngakhale kapukutidwe ka thukuta ndi kudodoma ngati akuganiza. Mu Disembala 1956 Herb Stempel anauzidwa kuti aphonye dala kuti Charles Van Doren, mphunzitsi wa pa yunivesite ya Columbia amene eni pulogalamu ankaona kuti anthu amukonda, apambane. Van Doren anatenga madola 129,000. Mu Novembala 1959 anaulula zonse pamaso pa komiti ya nyumba ya malamulo, ndipo mu 1960 dzikolo linakhazikitsa lamulo loletsa kukonzeratu zotsatira za mipikisano yotere. Chofunika kuona apa ndi cholinga chawo. Mphoto ankaipereka ndithu, chomwe ankateteza n'chakuti anthu asachoke pa kanema. Katundu weniweni wa pulogalamu ndi maso a oonera, ndipo ogula ake ndi otsatsa malonda.

Ndalama za ndani?

Funso lomwe sindimalimva m'zipinda zathu ndi loti miliyoni imeneyo yachokera kuti. Mbali ina imachokera kwa otsatsa malonda ndi kampani yomwe dzina lake lili pa pulogalamu, ndipo iwo amaibweza pa mtengo wa zomwe timagula. Mbali ina imachokera m'mafoni a oonera mwachindunji. Millionaire ya ku Britain poyamba inkapeza ndalama za mphoto kwa anthu oimba nambala ya mtengo wokwera pofuna kulowa nawo mpikisano, ndipo ochuluka mwa iwo sanauone n'komwe mpando uja.

Njira yomweyo ili ndi mng'ono wake amene tonse tikumudziwa. Pakati pa pulogalamu pamatuluka kafunso ka oonera kunyumba, kophweka moti mwana angayankhe, monga kufunsa ngati Soweto ili ku Johannesburg kapena ku Cairo, tumizani yankho pa nambala iyi. Amakaphweketsa kuti aliyense atumize, chifukwa wopambana amapezeka mwa maere, funsolo n'longokokera anthu. Tiyerekeze kuti atumiza anthu 200,000, uthenga uliwonse R1.50. Zonse pamodzi ndi R300,000, zomwe amagawana a kampani ya mafoni, okonza mpikisano ndi oulutsa. Mphoto tinene ndi R10,000, ndipo mwayi wa uthenga wako ndi umodzi pa 200,000. Manambalawa ndi a chitsanzo chabe, koma kawerengedwe kake ndi komweko.

Ku Britain ndi mbali imeneyi yomwe inatulutsa chinyengo chachikulu cha masiku athu ano, ndipo ambiri mwa mapulogalamu ake anali a pompopompo. Mu 2007 zinadziwika kuti pa kanema wa m'mawa wa GMTV oti apambane ankasankhidwa nthawi yoimba isanathe, anthu n'kumaimbabe, kumalipira, alibe mwayi ngakhale pang'ono. Bungwe loyang'anira zoulutsa la Ofcom linawalipitsa mapaundi 2 miliyoni, ndipo mu Meyi 2008 linalipitsa ITV mapaundi 5.675 miliyoni pa zolakwa za m'mipikisano ya pa foni. Pa pulogalamu ina ya usiku, Quizmania, oonera anafunsidwa zinthu zopezeka m'chikwama cha m'manja cha mayi, ndipo mwa mayankho omwe eni ake anabisa munali chipewa chophimba nkhope yonse. Anthu ankangoimba n'kumatchula makiyi, mafuta ndi chipeso, foni iliyonse ikudula ndalama.

Kuno malamulo alipo, ndipo ndi bwino kuwadziwa. Lamulo loteteza ogula la Consumer Protection Act la 2008, lomwe linayamba kugwira ntchito mokwanira mu 2011, pa gawo 36 limakamba za mipikisano yotsatsira malonda. Munthu sayenera kulipitsidwa kuti alowe, kupatula mtengo wotumizira yankho lake, ndipo mtengo umenewo anauikira malire a R1.50. Malamulo a mpikisano ayenera kulembedwa usanayambe n'kuperekedwa kwa aliyense wowafuna, komanso payenera kukhala munthu wapadera, monga loya kapena wowerengera chuma woima payekha, woyang'anira mmene wayendera. Oulutsa nawo ayenera kunena mtengo wonse wa foni kapena uthenga. Dandaulo lokhudza zomwe zaulutsidwa limapita ku BCCSA, bungwe lolandira madandaulo a zoulutsa, pasanathe masiku 30, ndipo salipiritsa. Ngati mayunitsi akungotha tsiku ndi tsiku chitumizireni yankho lija, mwina munalembetsedwa pa zinthu zodula ndalama tsiku lililonse. Kutumiza mawu oti STOP kuyenera kuthetsa zimenezo, ndipo zikakanika bungwe la WASPA, loyang'anira makampani ogulitsa zinthu zotere pa foni, limalandira madandaulo.

Chomwe chimandidetsa nkhawa kwambiri masiku ano ndi malonda omwe amalowa pakati paja. Makampani obetcha adzaza kanema wa kuno, pa mpira ndi pa mapulogalamu a madzulo pomwe. Munthu wangoona mnzake akugwira ndalama zoposa malipiro ake a zaka zambiri, mtima uli m'mwamba, akudziuza kuti akanakhala iyeyo akanakhoza, foni ili m'manja, ndipo nthawi yomweyo kanema akumuuza kuti ndi ndalama yochepa atha kuyesa mwayi. Wopikisana wa mu situdiyo akagwa amabwerera kwawo ndi zomwe anabwera nazo, sanaikepo ngakhale tambala yake. Wa pa foni amataya ya lendi. Ndawaona anyamata olimbika ntchito, olondera usiku wonse kapena otchetcha kapinga wa anthu mu dzuwa la Disembala, akuimbira kumudzi kuti mwezi uno abwana achedwa kulipira, pamene ndalama zinathera pa juga ya m'foni.

Palinso chotikhudza ife ochokera kunja. Mipikisano yambiri ya kuno, ya mu situdiyo ngakhale ya pa foni, imalembedwa kuti ndi ya nzika za South Africa kapena okhala ndi chilolezo chokhazikika, a zaka 18 kupita m'tsogolo, ndipo wopambana amafunsidwa chiphaso ndi akaunti ya kubanki ya m'dzina lake. Uthenga wako kompyuta imalandira n'kudula ndalama osafunsa pasipoti, mapepala amadzafunsidwa ukapambana. Choncho Mmalawi wa pemiti ya ntchito, kapena wopanda mapepala, atha kumatumiza miyezi ndi miyezi pa mpikisano womwe mphoto yake sangailandire. Malamulowo amakhala pa tsamba la intaneti la pulogalamu kapena la kampani yotsatsa, ndipo ndime yonena za oyenera kulowa nthawi zambiri imakhala chakumayambiriro. Pali mipikisano ina yomwe imalola aliyense wokhala kuno movomerezeka, ndiye ndime imeneyo ndi yoyenera kuiwerenga uthenga usanapite.

Nkhani ya simukhadi nayo ili pomwepo. Ambiri tikuyendera manambala omwe tinagula pamsewu atalembetsedwa kale, kapena omwe anatilembetsera mnzathu wa konkuno titangofika. Okonza mpikisano akafuna umboni woti nambala yopambana ndi yako, dzina lomwe lili m'kaundula wa RICA, lamulo lolembetsera masimukhadi, ndi lomwe limamveka, ndipo pa nkhani zotere chinansi chimatha. Lamulo la RICA limalola mlendo kulembetsa nambala ndi pasipoti pamodzi ndi umboni wa komwe akukhala, ndipo zimenezi amachita m'mashopu a makampani a mafoni.